Anaimba mwaulemu, dzina la azakhali akulidziwa

Azakhali anga amathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Mulanje, ndipo ntchitoyi anaiyamba ine ndisanalowe sukulu. Pa masamu sapunthwa. Makilo amene athyola sabata yonse amakhala nawo m'mutu, moti kalaliki akaphonya pa sikelo amamukonza asanachoke pamzere. N'chifukwa chake amayi anzawo a banki mkhonde anawasankha kukhala msungichuma. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa tikamva kuti wina amubera pa foni timathamangira kunena kuti ndi umbuli. Azakhali anga si mbuli, koma anawabera.

Linali Loweruka masana, mu Febuluwale, mvula itangokata. Anali pamoto akuvundula nsima pamene kafoni kawo kamabatani kanalira. Woimbayo anali bambo wa mawu ofatsa. Anawapatsa moni, nawatchula dzina lawo ndi la bambo awo lomwe, kenaka anapepesa powasokoneza nthawi ya nkhomaliro. Anati akuimba kuchokera ku likulu la kampani ya foni, ndipo laini yawo itsekedwa 4 koloko tsiku lomwelo chifukwa zimene zinalembedwa pa kalembera sizikugwirizana ndi chiphaso chawo cha unzika. Ikatsekedwa, ndalama zonse zili m'menemo zipita ku boma.

M'foniyo munali ndalama za gulu, zimene amayi ena anabweza ngongole zawo sabata imeneyo.

Bamboyo anati asade nkhawa, awathandiza. Anawapempha nambala ya neba kuti aimbire pamenepo, foni yawo ikhale yomasuka m'manja. Anawauza kuti aone kaye ndalama zatsala zingati, "kuti tizitchinjirize zonse." Anamuuza. Ndiye anayamba kuwawerengera zoti adine, imodziimodzi, modekha ngati mphunzitsi wa Sitandade 1. Atafika pena anati, "Tsopano mulembe nambala ya fomu yanu, mayi: 9, 6, 0, 0, 0." Pomaliza ananena mawu amene mpaka lero amandiwawa: "Apo mulembe PIN yanu, koma musandiuze ine ayi. PIN ndi chinsinsi chanu."

Sanamuuzedi. Analemba okha, ndi chala chawo. Nambala ya fomu ija inali K96,000, ndipo zimene ankadinazo zinali njira yotumizira ndalama. Mawu ofunsa ngati akutsimikiza anabwera pa sikirini m'Chingerezi, bamboyo akuyankhula osapumira kukhutu linalo.

Anakhala nayo nkhaniyi masiku atatu osauza munthu. Lachiwiri madzulo ndi pamene anatulukira ku shopu kwanga pa Chitakale, kumene ndimataipa makalata, kupanga fotokope ndi kutchajitsa mafoni. Anakhala pabenchi mpaka makasitomala onse atatha. Ndinawafunsa kuti, "Azakhali, kwagwanji?" Anangondipatsa foniyo, nati, "Mwananga, tawerenga apa. Ndachita zopusa." Mawa lake tinapita ku shopu ya kampani ya foni ndi kupolisi komwe. Anatilandira bwino, koma ndalama zinali zitatapidwa tsiku lomwe lija.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuiganizira kwambiri nkhaniyi. Kwa zaka zambiri ndinkauza anthu chinthu chimodzi chokha, chakuti asauze munthu PIN. Azakhali anamvera ndithu, ndipo wakubayo ankadziwa kuti amvera, mwakuti anagwiritsa ntchito langizo lomwelo kuti amukhulupirire. Foni sanaithyole. Chimene anathyola ndi ulemu wawo. Ife tinaleredwa kuti munthu wa ku ofesi akamayankhula sumudula pakamwa, ndipo wina akakutchula dzina ndiye kuti akukudziwa. Pamwamba pa ulemuwo anathirapo mantha ndi liwiro: lero, 4 koloko, pompano.

Za dzinalo zisakudabwitseni. Mukamatumiza ndalama pa foni, musanatsimikize pamabwera dzina la mwini nambala. Wakuba akhoza kungoyamba kutumiza kandalama kochepa ku nambala yanu, n'kuwerenga dzinalo, n'kusiyira pomwepo. Palinso mindandanda ya maina ndi manambala imene timaponya m'magulupu a WhatsApp, ya chopereka cha maliro, ya komiti ya ukwati, ya makolo a kusukulu. Kukudziwani dzina si umboni wa chilichonse.

Masiku ano ndimauza anthu china, ndipo ndimachibwereza mpaka ena amatopa nane. Wina akakuimbirani nkhani ya ndalama, dulani foniyo, kenaka muimbe nokha. Akati ndi a kampani ya foni, imbani nambala yothandizira makasitomala kapena pitani ku shopu yawo ndi chiphaso chanu. Akati ndi a banki, nambala yawo ili kuseri kwa khadi lanu. Wina akati ndi mphunzitsi, mwana wanu wakomoka ndipo pakufunika ndalama ya galimoto yopita ku chipatala, imbirani ahedi kapena kholo linzanu limene mumalidziwa. Wa ku ofesi weniweni sakwiya mukanena kuti mubwera nokha. Amene amakwiya, kapena kuyamba kukuchondererani kuti musadule, wadziulula yekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani iyi mphindi khumi zokha zimakwana.

Mabodza ake amasintha malinga ndi nyengo. Nthawi ya feteleza amati dzina lanu latuluka pa zipangizo zotsika mtengo, tumizani ya fomu. Nthawi ina amati mwalowa mu Mtukula Pakhomo. Kuno kwathu, poti pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana ku Joni, lofala ndi la katundu: munthu amaimba kuti ndi dalaivala, wanyamula katundu wanu koma wakodwa pa chipata cha Mwanza, tumizani ya msonkho msanga. Muimbireni kaye mwanayo pa nambala yake yakale ija yoyamba ndi +27. Ngakhale uthenga ubwere ndi chithunzi chake, wonena kuti iyi ndi nambala yanga yatsopano, mumve mawu ake kaye, ndipo mumufunse chinthu chimene mlendo sangachidziwe, monga dzina la galu wa pakhomo.

Lina limagwira kwambiri ochita malonda, amayi a nanazi ndi nthochi m'mbali mwa msewu, anyamata a kabaza, ogula chimanga pa Limbuli. Umalowa uthenga wooneka ngati walandira ndalama, kenaka wina amaimba akulira kuti walakwitsa nambala, ndi ya mankhwala a mwana, chonde mubweze. Yang'anani pamwamba pa uthengawo. Weniweni umabwera ndi dzina la kampani, pomwe wabodza umachokera ku nambala wamba yoyamba ndi 099 kapena 088. Koma ngakhale pamenepo musadalire maso okha. Dinani *211# ngati muli pa Airtel Money, kapena *444# ngati muli pa Mpamba, muone ngati ndalamazo zalowadi. Ngati zalowadi ndipo si zanu, muuzeni mwiniwakeyo aimbire kampani, ndiyo imabweza zolakwika zotere.

PIN ija ndi yofunikabe, musandimve molakwa. Pa shopu panga pamagona mafoni ambiri pa tchaja, ndipo ndikachotsa kava kuti chingwe chilowe bwino, kawirikawiri ndimapeza chiphaso cha unzika chili kuseri, nthawi zina pamodzi ndi kapepala ka manambala anayi. Manambala anayi akhoza kusanjidwa m'njira 10,000, koma ambiri timasankha chaka chobadwa, chimene chalembedwa pa chiphaso chomwecho. Foni ikagwa m'minibasi, wotola watola nyumba ndi kiyi wake. Sankhani nambala yosakhudzana ndi inu, isakhale 1234, isakhale mapeto a nambala yanu ya foni. Ngati mukuopa kuiwala, ilembeni m'buku limene silichoka m'nyumba. Kwa ejenti, foni isachoke m'manja mwanu. Akuuzeni nambala yake, mudine nokha, muwerenge dzina limene labwera, ndipo polemba PIN muphimbe ndi dzanja ngakhale pamzere pali abale okhaokha. Ejenti wabwino saona cholakwika pamenepo.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa n'chakuti simu khadi nayo ili ndi loko wake. Mukhoza kukhoma foni ndi chala kapena ndi chojambula chovuta bwanji, koma wakuba amangosolola simu n'kuiika m'foni ina, mauthenga anu onse ndi manambala otsimikizira n'kumafikira kwa iye. Mu Settings, pa gawo la chitetezo, muli poyatsira PIN ya simu. Mukaiyatsa, simuyo imafunsa nambala nthawi iliyonse foni ikayatsidwa, m'foni ina iliyonse. Chenjerani pokha kuti mukalakwitsa katatu imadzitseka, ndipo imafuna PUK, nambala ya manambala 8 imene imakhala pa kakhadi kamene munathyolapo simu. Kakhadi kameneko musamataye. Ndipo simuyo ikhale m'dzina lanu. Pamene bungwe loyang'anira za mafoni la MACRA linalamula kalembera wa manambala mu 2018, ambiri analembetsa ndi chiphaso cha mlamu kapena cha mwana chifukwa chawo chinali kutali. Tsiku limene foni idzatayike, amene angakabwezeretse nambalayo ndi mwini chiphaso, osati inu.

Dinaninso *#06# lero lomwe. Pabwera nambala ya manambala 15 yotchedwa IMEI, imene ili ngati chidindo cha foni yanuyo, ndipo apolisi amaifunsa mukakadandaula kuti yabedwa. Ilembeni m'buku lomwe lija.

Tibwere kwa a mafoni akuluakulu, amene amadziona ngati zotere sizingawagwere. Chaka chatha gulupu ya kwaya ya kutchalitchi kwathu inasokonekera sabata yathunthu. Mlembi wathu analandira uthenga wochokera kwa mnzake wa mu kwaya momwemo, wakuti: pepani asisi, ndatumiza manambala anga otsimikizira ku nambala yanu mwangozi, tanditumizireni. Inalowadi SMS ya manambala 6, iye n'kuitumiza. Pasanathe mphindi WhatsApp yake inatseka, ndipo wina anayamba kupempha ndalama kwa abusa, kwa amayi a chigwirizano, kwa aliyense, m'dzina lake. Mnzake uja nayenso anali ataberedwa kale akaunti mwa njira yomweyo. Manambala 6 amenewo WhatsApp imatumiza pamene wina akulembetsa nambala yanu pa foni ina. Sangabwere kwa inu mwangozi kuti ndi a munthu wina. Mankhwala ake ndi aulere: lowani mu Settings, Account, Two-step verification, muike PIN yanuyanu ya manambala 6 ndi imelo. Mukatero, ngakhale wina atapeza manambala a pa SMS aja amakakodwa pa chitseko chachiwiri. Muonenso pa Linked devices. Ngati pali kompyuta imene simukuidziwa, ndiye kuti wina akuwerenga nanu mauthenga. Ichotseni.

Achinyamata amakonda GB WhatsApp chifukwa imaonetsa mauthenga ofufutidwa ndi kubisa kuti uli pa intaneti. Ndimawamvetsa, koma ndimakana kuwaikira. Siichokera kwa eni ake a WhatsApp, siipezeka pa Play Store, ndipo palibe amene angakutsimikizireni zimene wopanga wake anabisamo. Eni ake amatsekanso manambala ogwiritsa ntchito mapulogalamu otere. Chimodzimodzi mapulogalamu opatsirana pa Xender poopa kutha bandulo: mwapulumutsa pang'ono, koma simudziwa kuti adutsa m'manja angati. Nanga malinki aja a bandulo yaulere, a ntchito ku bungwe lalikulu, oti mutumize ku magulupu asanu kaye musanalandire? Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Amafuna dzina lanu, nambala yanu, nthawi zina pasiwedi ya Facebook, ndipo inu mumawanyamulira msamphawo kwa abale anu.

Pali vuto lina limene limandipweteketsa mutu sabata iliyonse. Munthu amagula foni, mnyamata wogulitsa uja n'kumutsegulira akaunti ya Google mwachangu kuti WhatsApp ilowe. Mwini foni sadziwa dzina la imeloyo, sadziwa pasiwedi. Patapita chaka foni yavuta, wina waifufuta yonse, ndiye ikuyaka n'kumafunsa akaunti yakale ija, ndipo popanda imeneyo siitseguka. Mnyamata uja anasamukira ku Limbe kalekale. Akauntiyo ndi imene imasunga manambala a anthu anu ngati mwaiuza kutero, ndiyonso imakuthandizani kuona kumene foni ili kapena kuifufuta muli kutali kudzera pa Find Hub, imene kale inkatchedwa Find My Device. Ngati wina anakutsegulirani, khalani naye pansi, musinthe pasiwedi, muikepo nambala yanu yobwezeretsera. Pasiwedi yabwino siifunika kukhala yodzaza zizindikiro zoti mawa mwaiwala. Mawu anayi a Chichewa kapena a Chilomwe osagwirizana, olumikizidwa pamodzi ndi manambala angapo, ndi aatali mokwanira ndipo amakhala m'mutu. Chachikulu n'chakuti ya imelo isafanane ndi ya Facebook.

Nkhani ya azakhali inandichititsa kuyang'ananso shopu yanga, ndipo zimene ndinapeza sizinandisangalatse. Pa kompyuta imene ndimasikanira zikalata panali mafayilo a anthu a zaka zitatu: ziphaso za unzika, masatifiketi a MSCE, makalata a chipatala, mapepala a malo. Aliyense wokhala pampando uja akanatha kuzikopera mu fulashi yake. Ndinazifufuta zonse usiku womwewo, ndipo tsopano ndimafufuta kasitomala akuona. Inunso mukapita kosikanitsa kulikonse, pemphani zimenezo, ndi ufulu wanu. Mukatsegula Gmail kapena Facebook pa kompyuta ya eni, ikafunsa ngati isunge pasiwedi mukane, ndipo potuluka dinani Sign out. Kungotseka tsamba sikukutulutsani. Kangapo konse ndapeza imelo ya munthu ili yotsegula iye atafika kale ku Chinakanaka.

Za mafulashi ndinene mwachidule. Amayenda kuchoka kobenetsa nyimbo, kupita ku ofesi ya sukulu, kubwera kwa ine, ndipo amanyamula vairasi ija imene imasandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Mukaona zotero musadine, ndipo musathamangire kufomata. Mafayilo anu nthawi zambiri alipo, angobisidwa, ndipo wodziwa akhoza kuwatulutsa. Windows 10 ndi 11 zili ndi chitetezo chakechake, Microsoft Defender, chimene chimagwira ntchito bwino ngati mukuilola kompyuta kulandira ma update. Chimaposa antivairasi yakuba imene inatha mphamvu zaka ziwiri zapitazo. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 mu Okutobala 2025. Makompyuta ambiri a kaunjika amene tili nawo kuno ndi a mtundu umenewo. Polembera makalata alibe vuto, koma ine sindingalowerepo ku banki.

Foni ikapita kokonzetsa, chotsani simu ndi memole khadi. Ndikunena izi makamaka kwa atsikana ndi amayi, chifukwa ndaonapo mtsikana akusiya sukulu zithunzi zake zitayenda m'magulupu. Wolakwa ndi wofalitsayo, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni kapena intaneti, komanso kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo. Kukadandaula kupolisi n'kololedwa. Koma chithunzi chikatuluka sichibwerera, ndiye chimene simungafune kuti amalume anu achione chisagone m'foni.

Si akuba okha amene amatilanda zinthu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa madzi ndi miyala kuchokera m'phiri, kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, anthu anataya abale, nyumba ndi minda. Patapita miyezi, amene anapulumuka anayamba kubwera ku shopu ndi vuto lina: satifiketi inapita ndi madzi, chiphaso chinapita, buku la kuchipatala linapita. Mnyamata wina wa kufupi ndi Muloza anabwera wopanda kanthu m'manja, koma anakumbukira kuti anadzitumizirapo satifiketi yake pa imelo pofunsira ntchito. Tinaitsegula, inalipo. Analigwira pepalalo likutuluka mu printa, manja akunjenjemera. Chithunzi sichilowa m'malo mwa chikalata chenicheni, koma chimakhala ndi manambala onse ofunika pokapempha china. Akaunti ya Google imapereka malo aulere okwana 15 GB. Jambulani zikalata zanu pamalo owala, muziike pa Google Drive kapena mudzitumizire pa imelo, kenaka muzichotse mu gallery. Ndipo poti kuno mvula yake ndi ya ziphaliwali, kukayamba kugunda zulani laputopu ndi tchaja kukhoma. Magetsi akabwera atazima, dikirani pang'ono musanalumikize.

Chimene chinawapweteka kwambiri azakhali si ndalama zokha. Anali masiku atatu aja a manyazi. Akanauza munthu Loweruka lomwelo, mwina kampani ikanatseka nambala ya wakubayo ndalama zisanatapidwe. Ndiye inu amene muli ndi makolo ogwira foni, wina akakuuzani kuti amupusitsa musayambe ndi "nanga inunso bwanji". Mukawakalipira lero, mawa adzabisa. Imbani ku kampani nthawi yomweyo, sungani uthenga wa ndalamazo chifukwa uli ndi nambala ya wolandira ndi nthawi yake, kenaka pitani kupolisi.

Amayi a banki mkhonde sanawachotse pa udindo. Anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kwa apampando, anakambirana mpaka dzuwa kupendeka, n'kugwirizana kuti azibweza pang'onopang'ono akalandira. Anaikanso lamulo lakuti ndalama za gulu zisamatuluke m'foni popanda anthu atatu kukhalapo. Anandiitana Lamulungu lotsatira kuti ndiwasinthitse ma PIN. Mwa amayi amene analipo, oposa theka anali ndi chaka chobadwa. Mmodzi PIN yake ankaidziwa ndi mdzukulu wake yekha, mwini wake ayi.

Mwezi wathawu azakhali anadutsa pa shopu akuchokera kumsika, atasenza thumba la ufa. Anati wina anaimbanso, mawu ena, nkhani ya mphoto. Ndinawafunsa kuti anamuyankha chiyani.

"Ndinati, zikomo bambo, ndamva, ndipita ndekha ku ofesi Lolemba. Iye akuti mayi musadule, mayi musadule. Ndinadula." Anatula thumba lija pakhonde, napukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Koma mwananga, mtima unagunda mpaka madzulo. Ndimangoti mwina anali woona, ndamuchita mwano munthu wamkulu."

Ndinawauza kuti sanalakwe. Anagwedeza mutu, osati movomera kwenikweni, n'kundipatsa foni kuti ndiwaonere ngati ndalama zili momwemo. Zinalimo. Ku gulu kwatsala K14,000 kuti amalize kubweza.